Mkazi Wamkulu wa Kudenga

Chidwi changa n'chobadwa nacho, mayi anga ankati ndidzafera pa zenera la eni. Boma litanditumiza kukaphunzitsa ku Vinthukutu, kuchokera kwathu ku Dedza, ndinapeza kachipinda pakhomo pa mkulu wina amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ija kutsidya kwa nyanja zazikulu. Ndinkawaitana adada, akazi awo amama, iwo n'kumanditchula asambizgi, kutanthauza aphunzitsi m'Chitumbuka.

Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, adada ankatenga kabotolo ka mafuta a makina osokera, n'kudzitsekera m'nyumba. Nditafunsa amama, anandiuza nkhope ili gwa kuti akukadzoza muwoli mulara, ndiye kuti mkazi wamkulu. Amamawo akuti iwo anali wamng'ono chabe, wamkuluyo ankakhala kudenga, ndipo sankadya kanthu koma mafuta. Ine mutu unaima. Mkazi wanji wogona kudenga ngati khoswe? Ndinawaumirira adada mpaka anatopa nane, tsiku lina anandikodola.

Anatsitsa kamtolo ka nsanza ya khaki, n'kumasula. Munali volovolo, kamfuti ka m'manja, kakuda, kolemera kuposa mmene kamaonekera. Kunsi kwa chigwiriro kunali mphete yomangapo chingwe cha m'khosi. Anakanikiza kachitsulo, mfuti inathyoka pakati ngati bondo, ndipo ndinaona gudumu la mabowo olowamo zipolopolo. Chipolopolo chinalipo chimodzi chokha, chobiriwira m'mbali. Anati anaibweretsa m'sokosi pobwerera kunkhondo, ndipo anaidziwa asanawadziwe amama, n'chifukwa chake ukulu unali wake.

Mafunso anga anachita kusefukira. Gudumulo limazungulira bwanji? Imalira motani? Anandionetsa zonse moleza mtima, mfuti ili yopanda kanthu. Koma nditafunsa ngati ikadawombabe, anangoti sakudziwa. Chibwerereni sanaiwombepo, ndipo ankaopa kuyesa, poti chipolopolo chikatha, atsala ndi chitsulo wamba.

Mudzi wonse unkaidziwa nthabwala imeneyi, ndipo palibe anaitulutsa kunja. Masiku amenewo munthu wopezeka ndi mfuti yopanda chilolezo sankafunsidwa zambiri. Ankamutcha woukira, galimoto n'kumutenga, abale osadziwa kumene wapita.

Tsoka linabwera ndi anyamata a chipani ogulitsa makhadi. Mtsogoleri wawo anali wachilendo ngati ine, wa kummwera, Chitumbuka chake chotola panjira. Anamva amayi pachitsime akuseka zoti muwoli mulara wa adada satuluka panja, iye n'kuzitenga zenizeni. Anafika pakhomo akuti pano pali mayi amene alibe khadi, komanso savina nawo pamisonkhano. Adada anagula khadiyo msangamsanga, mtima uli m'malere. Ine kuseka kunandigwira, mantha n'kundigwiranso: mfuti yalowa chipani! Koma mnyamatayo sanakhutire. Anati pamsonkhano wotsatira abwere naye mayiyo, apo ayi adzalowa m'nyumba yekha kudzamutulutsa.

Atapita, amama sanazungulire.

"Sankhani, bambo. Wamkuluyo kapena wamng'onone. Mukatengedwa, ine nditsala ndi yani?"

Adada anapempha chinthu chimodzi: aimve kaye ikulira.

Inali nyengo imene mpunga wa ku Hara umacha, pamene minda yonse imasokosa ndi anthu oomba zitini ndi kukuwa popirikitsa mbalame. Amama anaika kamtolo kaja pansi pa dengu, pamwamba n'kuunjikapo chinangwa. Ine ndinatsatira osaitanidwa, ndipo sanandibweze. Tinadutsa minda dzuwa lili pamutu mpaka kumapeto, kumene ngalande imathera m'dambo la bango.

Adada analowetsa chipolopolo chija, n'kutseka mfuti. Anaima chammbali, msana umene ndinkaudziwa wopindika unawongoka, dzanja lina kumbuyo. Analoza chulu. Ine ndinali nditatsimikiza mumtima kuti ingoti kete, tiseke, tizipita.

Phuu! Makutu anga analira, chulu chinafuka fumbi, mpheta zinabalalika m'bango monse. Kumunda wina anakuwa kutiyamikira, poyesa kuti ndi chitini cha mphamvu. Ndinamva fungo la wonga koyamba m'moyo wanga, ndipo ndinakondwa ngati mwana, osabisa. Nditacheuka ndinapeza adada misozi ili mbwembwembwe. Anaipukuta mfutiyo, anaikulunga bwinobwino, n'kulowa m'matope mpaka m'mawondo. Anaikankhira pansi ndi dzanja, kenaka ndi phazi.

Mawa lake amama anauza anyamata aja kuti mkazi wamkulu anamwalira, ndipo anakaikidwa kwawo. Anthu a m'mudzi anabweradi kudzapepesa, amayi atafunda zitenje, ena akudziluma milomo kuti asaseke. Mtsogoleri uja naye anabwera, anavula chipewa, n'kupepesa mwaulemu. Adada sankachita sewero ayi, aliyense anaona.

Lamlungu lotsatira ndinawapeza pakhonde, kabotolo ka mafuta kali m'manja, alibe chodzoza. Pofuna kuwasangalatsa ndinati koma inalira bwino, zaka zonsezi osachita dzimbiri.

"Ndicho chikundiwawa, asambizgi," anatero. "Ikanakana kulira, bwenzi ndikuti inafa yokha. Koma ine ndakwirira wamoyo."