Mtolo wachisanu wa nyama ya mbawala

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene adada anakola mbawala m'munda mwathu ku Kaning'ina, m'mphepete mwa nkhalango ya boma. Inali itatha mizere itatu ya nyemba. Lamulo tonse tinkalidziwa: nyama yakutchire ndi ya boma, ngakhale ilowe m'munda mwako. Wopanda chiphaso saipha, ndipo ukaipha poteteza mbewu umakanena kwa alonda a nkhalango n'kuipereka yonse, nyanga ndi chikopa chomwe.

"Bomalo linalima nawo nyembazi?" anatero adada akunola mpeni.

Kwathuko nyama yotere inkagawidwa pakhomo lililonse loyandikana nafe, chifukwa amene wadya nawo sangakanene. Ine sindinkadziwa zimenezo, ndinkayesa ndi kukoma mtima chabe. Amama anakulunga nthuli m'masamba a nthochi, mitolo isanu, n'kundituma. Kunali nkhungu ya m'mawa, ndipo magazi ankandidonthera m'zala akadali ofunda.

Makomo anayi ndinapereka. Lachisanu linali la a Mhango, kalipentala, amene mwana wawo anali atandiseka dzulo lake kuti ndili ndi nsabwe. Ndinaima pampanda pawo ndikumva akupala thabwa. Kenako ndinatsikira kudambo n'kuponya mtolowo m'bango.

"Wapereka konse?" anafunsa amama.

"Eya. A Mhango akuti yewo chomene."

Patapita masiku atatu kunabwera alonda awiri. Sanafunse zambiri, anangolunjika kuseri kwa khola la nkhuku kumene adada anakhoma chikopa kuti chiume. Adada anapita nawo atasenza okha chikopacho. Masiku amenewo munthu akatengedwa sunkafunsa mokweza. Adada anabwerako patatha miyezi akutsokomola, ndipo mvula yotsatira sanaione.

Amene anakanena sindimudziwa mpaka lero. Koma amama anati kuseri kwa kholalo kunkaonekera pabwalo la a Mhango pokha. "Anadya nyama yathu n'kutigulitsa," ankatero. Tsiku la maliro a adada, a Mhango anabwera ndi bokosi limene anakhoma ndi manja awo, osafuna malipiro. Amama anatuluka m'nyumba ya siwa.

"Bwererani nalo. Mwamuna wanga sagona m'matabwa anu."

Analikwezanso pa wilibala, anthu onse maso ali pansi. Ine ndinali pakhonde ndikuonerera.

Amama tawaika mwezi wathawu. Zaka zawo zomaliza ndinkawasambitsa ndi kuwamwetsa phala, ndipo tsiku lililonse ndinkati ndiwauza mawa. Ndili mwana ndinkaganiza kuti cholakwa changa chinali kutaya nyama. Tsopano ndikuona kuti kutayako kunali kwa m'mawa umodzi, koma bodzalo ndinalilera ndekha mpaka imvi. Kaya a Mhango ananena, kaya sananene, amama apita kumanda akudana ndi munthu chifukwa cha nyama imene sanailawe n'komwe.