Nyimbo ya Achimwene Inatuluka M'thumba la Mlendo

Achimwene anga anaphunzira gitala kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Anaipanga okha ndi chigubu cha mafuta ophikira amene tinkalandira, nsambo zake zinali mawaya a mabuleki a njinga. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu ku Mecanhelas, ine ndi ana anga awiri, iwo ndi akazi awo. Tinapeza minda itasanduka tchire, ndipo pamene panali nyumba ya makolo athu panali patamera mitengo. Pozula zitsa m'pamene anapeka nyimbo yawo ija, ya munthu amene akufunsa odutsa m'njira kuti amusonyeze pamene anabadwira. Iwo ankatsogolera, alamu anga n'kumavomera ndi mawu awo opyapyala.

Anthu anaikonda. Ankawaitana kumaukwati ku Insaca ndi ku Chiuta, n'kumabwerako ndi nkhuku, nsomba zouma, nthawi zina tindalama. Chaka china kunabwera bambo wina ndi makina ojambulira mawu. Anawajambula m'kalasi ya pasukulu, nawasiyira kaseti imodzi ndi malaya atsopano. Pepala loti asaine panalibe, ndipo bamboyo sitinamuonenso. Kasetiyo wailesi inadzaitafuna. Alamu anga nawonso anadwala n'kutisiya.

Ine ndinkagulitsa nthochi pasiteshoni ya Entre Lagos. Patapita zaka zambiri, mafoni atafala, tsiku lina masana ndinamva mawu a alamu anga akutuluka m'thumba la malaya a munthu wina wodikira sitima. Ndinasiya nthochi zanga n'kumuyandikira. Nditamufunsa, anati nyimboyo anaiikitsa pabaraka ina, kasitolo kakang'ono ka pamsika wa Insaca, pamene amakulowetsera nyimbo mu kartau, kakhadi kaja ka m'foni.

Tinapitako ndi achimwene pa njinga imodzi. Mwini baraka anali bambo wonenepa, wa imvi pang'ono, atakhala kuseri kwa kompyuta yakale. Achimwene anamulonjera mwaulemu, n'kutchula mawu oyamba a nyimboyo. Iye anaipeza msangamsanga, naitsegula.

Achimwene anamvetsera mpaka inatha, maso ali pansi.

"Nyimbo imeneyi ndi yanga," anatero. "Akuvomerawo ndi malemu akazi anga."

Bamboyo anawayang'ana, n'kuyang'ananso kompyuta. "Madala, apa palembedwa dzina la munthu wina."

Anatitembenuzira kuti tione. Dzinalo linalidi lachilendo, ndipo chithunzi chinali cha bwato pamadzi.

"Mwaitenga kuti?"

"Pa intaneti. Ili poyera, aliyense angathe kuitsitsa mwaulere. Ine sindigulitsa nyimbo, madala. Anthu amandilipira chifukwa cha magetsi ndi ntchito yoikamo."

"Nanga amene anaiika kumeneko amadya chiyani?"

"Akuti anthu akamamvera kwambiri amapatsidwa kenakake. Koma ali kuti, sindidziwa. Mwina ku Nampula, mwina kutsidya."

Achimwene sanakalipe. Bamboyo anachita manyazi, anawapatsa mpando, ndipo anandiikira nyimbo zonse za pakaseti ija m'foni mwanga osandilipiritsa. Pobwerera achimwene anapalasa njinga mpaka kumudzi.

Aphunzitsi ena opuma pantchito anatiuza kuti lamulo loteteza oimba lilipo, tisagone. Choncho tinavala bwino n'kupita ku maofesi a boma ku Insaca. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo. Mayi amene anatilandira anali wachifundo ndithu. Anati inde, kutenga nyimbo ya munthu popanda chilolezo chake n'kulakwa, ngakhale itapezeka yaulere. Kenako anayamba mafunso. Kodi nyimboyo anailembetsa? Kodi ali ndi pangano lolembedwa ndi wojambula uja? Dzina lake lonse akulidziwa? Kaseti yoyambirira ili kuti? Funso lililonse achimwene ankangopukusa mutu.

"Mboni zilipo, mayi," ndinalowererapo ine. "Mudzi wonse umadziwa."

"Ndikumva, amayi. Koma nkhani ngati izi sizithera pano. Muyenera kulemba kalata, ipite ku Lichinga, mwinanso mpaka ku Maputo."

Kalatayo aphunzitsi aja anatilembera m'Chipwitikizi chabwino. Tinakaisiya. Ndinapitako katatu kukafunsa yankho, ulendo uliwonse nthochi zanga zikupsera kunyumba. Kachitatuko ndinapeza mayi uja atasamutsidwa, ndipo amene anali pampando wake anandipempha kuti ndifotokoze nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Ndinayamba, koma nditafika pakati ndinangoona kuti mphamvu zandithera. Ndinathokoza n'kutuluka.

Chimene chinawapweteka achimwene kwambiri sichinali ndalama za anthu akutaliwo, amene sitinawaonepo. Anthu a kwathu komwe anasiya kuwaitana. Ukwati ukakhalapo ankabwereka zokuzira mawu ndi jenereta, n'kulumikiza foni. Paukwati wa mwana wa msuweni wathu nyimbo yawo inalira kawiri, anthu n'kumavina fumbi lili koboo, eni ake atakhala pamphasa ngati mlendo wina aliyense. Mayi wina anawakuwira kuti, "Mwatchuka, bambo! Mpaka ku Joni akukumverani!" Iwo anaseka pang'ono, n'kupempha madzi akumwa.

Sindinganame, nanenso m'foni mwanga muli nyimbo zambiri za oimba ena, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamulipirapo. Ngakhale ndikanafuna, sindidziwa kumene ndikanapereka. Mwini baraka uja timalonjerana bwinobwino ndikapita kumsika. Ali ndi ana ambiri, ndipo masiku ano malonda ake analowa pansi, chifukwa anthu amatsitsa okha nyimbo.

Achimwene tsopano zala zinawauma, amangolima nandolo. Nditawachezera mwezi watha ndinawauza kuti kwabwera anthu ena amene akuti amathandiza oimba kulembetsa nyimbo zawo, ndipo ndikhoza kuwaperekeza.

"Achemwali, mabenchi aja ine ndinatopa nawo," anatero. "Ngati mukufuna, pitani nokha."

Sindinapite. Tinakhala pakhonde tikusola nandolo mpaka dengu linadzaza, kenako ndinanyamuka kuti ndikapeze shapa, minibasi ya kwathu, isanandisiye.