Duku la Amake Given

Pa loji yathu kuno kwa Kakumbi sitiyang'ana kumwamba kuti tidziwe mmene tsiku liyendere. Timayang'ana duku la Amake Given, mkulu wa ophika. Likakhala pamwamba, mphumi ili poyera, kwacha bwino. Likatsika mpaka pansidze, abale, bisalani.

Ine ndine Abson, woperekera zakudya, ndipo moto umayambira pa ine. Amake Given akandikalipira chifukwa cha supuni, ine ndimakakalipira a Steward, oyendetsa alendo m'paki. A Steward nawo akafika kumtsinje amangoloza ndi mlomo: "Mvuu." Basi. Munthu wakwera ndege masiku awiri kudzamva zimenezo! Koma mayiwa akakondwa amakanda mabanzi akuimba za kwaya, tonse n'kumavomera, mpaka mlonda wa pageti amatsegula akuvina.

Chimatsitsa duku ndi njovu, chifukwa munda wawo uli m'malire ndi paki.

Mwezi wa Malichi manejala watsopano, a Hillary, anawaitanitsa Amake Given. Alendo anali atadandaula kawiri kuti antchito a pano amaoneka ngati ali pamaliro, ndipo bwana anatsata fungo mpaka kukhitchini.

"Amayi, kumwetulira ndi yunifolomu," anatero. "Dandaulo lachitatu, ntchito yatha."

Mayi wamasiye, ana anayi, zaka fifitini pa loji. Ine zinandiwawa.

Lachinayi lake njovu zinamaliza munda wonse. Tonse tinamva tisanafike pantchito, ndiye tinkadikira duku la pansidze. Faifi koloko m'mawa, awo akulowa, duku lili pamwamba penipeni, mano onse panja.

"Mwauka bwanji, ana anga okondedwa!"

Mayo ine! Chiyambire ntchito sanandinenepo wokondedwa. Ndinagwetsa kapu dala kuti andikalipire, mtima ukhale pansi.

"Palibe kanthu, mwanawe," anatero, kumwetulira kuja osagwedezeka, misozi ili lengelenge, mpeni ukudula anyezi ngati walakwa ndi anyeziyo.

Mantha anandigwira, ndipo ndinatuluka ndi tiyi mano ali panja chimodzimodzi. A Steward atandiona nawo anayamba, kenako mlonda. Loji yonse mano mbee. Mlendo wina wachikulire anandikoka malaya n'kufunsa monong'ona ngati pali mkango pafupi umene tikuwabisira. Banja lina linakaniratu kukwera galimoto.

A Hillary anathamangira kukhitchini, ife pambuyo. Anayang'ana nkhope ija kanthawi, ndipo ndinaona milomo yawo ikuyamba kukokeka. Nawonso zawagwira!

"Amayi, chachitika n'chiyani?"

"Ndavala yunifolomu, bwana."

"Ndapota nanu, tsitsani dukulo."

Analitsitsa, ndipo zinatuluka zonse. Njovu seveni! Mpanda wa tsabola wothamangitsira njovu zinangoupondaponda. Yaikulu inaima n'kumatafuna chimanga mwaulemu, ikuwayang'ana iwo akumenya chitini ngati abwera kudzaiimbira. Anaitukwana njovuyo, amake, ndi agogo ake omwe. Tinaseka mpaka kugwira nthiti, a Hillary akutsamira filiji.

Kenako mayiwa anatsitsa mawu. "Nanga ana anga adya chiyani chaka chino?"

Kuseka kunazima. Zimenezonso zinatigwira, ndipo ine ndinalira, sindibisa.

Dandaulo lachitatu linabweradi madzulo ake, loti antchito akumwetulira moopsa. A Hillary analiwerenga kawiri, n'kuliponya mumbaula. Loweruka tonse amene tinali pa ofu tinakapezeka kumunda kuja tikuunda mizere ya kandolo, mbatata ija, poti chimanga nthawi inali itapita. Bwana nawo anabwera, khasu lobwereka, nsapato za muofesi.

Amake Given anaima pachulu, duku lili pansidze.

"Inu a manejala! Mzere umenewo ndi wa kandolo kapena ndi njira ya njoka?"

A Hillary anapukuta thukuta, anatembenuka, n'kundikalipira ine kuti ndaima ngati mtengo. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinatula khasu n'kupita kukasaka a Steward.