Makapu a Apongozi

Zinayambira pa milomo ya mwana wanga wamkazi. M'mawa umenewo kunali chiperoni, nkhungu itakwirira minda ya tiyi mpaka pa malaini pathu, nyumba za antchito a pa esiteti, ine ndili kalikiliki ndi phala pa mbaula. Potembenuka ndinangoona mwana waima pakhomo, milomo ili psuu! Chipande ndinaponya uko. Ndinamugwira chibwano, kumutsegula kukamwa, kufunafuna dzino lothyoka, bala, chilichonse. Palibe. Lilime lofiira, nkhama zofiira, iye akungoseka, akuyesa ndi masewera.

"Wagwa? Wadya chiyani? Lavula!"

Analavula. Malovu ofiira.

Ndinaitana mlongo wake, woyamba kubadwa, yemwe anali atangoyamba kumene sukulu, kuti anene chimene wamudyetsa mwana. Atangotsegula pakamwa kuti akane, ndinakuwa. Iyeyo lilime lake linali lobiriwira ngati nsonga ya tiyi.

Bambo a anawa anatuluka dengu lili kale kumsana, akuthamangira kuti akapitawo asawadule tsiku.

"Amake mwana, kwagwanji? Anthu ayesa pano pagwa maliro."

"Taonani ana anu!"

Anawerama, kuyang'ana uyu, kuyang'ana uyo, kenako n'kufa nacho chiseko. "Uyu akupita ku ukwati. Uyu wasanduka birimankhwe." Ndinati ndiwakalipire, koma maso anga anagwera pakamwa pawo. Ndevu zawo zam'mwamba zinali zachikasu ngati apsompsona dzungu.

M'nyumba monse ndinatsala ine ndekha wopanda mtundu. Ndinadziyang'ana pa kagalasi, lilime langa lomwe lija la masiku onse. Ndiye ndinaima duu, kuganiza. Phala tadya limodzi dzulo. Madzi a pa mpopi womwewo. Tiyi wa m'ketulo imodzi. Maso anga anagwera pa thebulo: kapu yofiira, kapu yobiriwira, kapu yachikasu, ndi yanga yachitsulo yogumuka m'mphepete, imene ndinakanirira chifukwa imasunga moto.

Makapu atatu apulasitikiwo anali mphatso ya apongozi anga, amayi awo a bambo a anawa. Iwo amachita geni. Amadutsa malire kupita ku Mozambique kukapikula katundu n'kumagulitsa pa Bvumbwe. Tsiku lomwe anabweretsa makapuwo anafotokoza monyadira kuti pachipata cha malire anawabwezera katoni yonse, eti ilibe zolemba zoyenera, eti katunduyo sanayesedwe. "Ndinawafunsa kuti kapu nayonso ikhale ndi chiphaso ngati munthu? Ikukavota?" Ndiye anangokwera kabaza, kuzungulira njira ya m'minda, katoni pamwendo. Tinaseka tonse tsiku limenelo, ine ndemwe ndinaseka kwambiri.

Ndinawiritsa madzi, kuthira m'kapu yofiira, kudikira pang'ono, n'kukhuthulira m'mbale yoyera. Anatuluka ofiira ngati juwisi.

Phala linapserera pomwepo. Wamng'ono kumsana, wamkulu kudzanja, kapu ndi chibenthu cha katoni yomwe makapuwo anabweramo m'chitenje, ndinatsetsereka pakati pa mizere ya tiyi mpaka ku chipatala cha pa esiteti, mame atandinyowetsa mpaka m'chiuno. Njira yonse ndinkafunsa, "M'mimba mukupweteka? Ukuona bwino? Ndili ndi zala zingati?" Wamkuluyo anatopa nane. "Amama, ine njala basi."

Anamwino anawayeza, kuwagwira pamimba, kuwaunika m'maso, anati pakadali pano sakuonapo chodetsa nkhawa, amwe madzi ambiri, ndikaona zachilendo ndibwerere msanga. Kenako anatenga kapu ija, kuitembenuza, kuyang'ana kunsi. Posalala. Anatenga chibenthu cha katoni. Panali timalemba ngati mapazi a nkhuku. Ndinawauza kuti bambo a anawa anatiwerengera kale, akuti ndi Chipwitikizi, amachidziwa poti agogo awo anachokera kutsidyako, ndipo palembedwa kuti "zabwino zedi kwa ana".

Anamwino anabisa nkhope m'fayilo. Anati chimenecho si Chipwitikizi ngakhale pang'ono. Atasiya kuseka anandiuza kuti chinthu chodyeramo chikamalowa m'dziko muno chimayenera kudzinenera chokha: wachipanga ndani, kuti, ndi chiyani, kaya chimapirira zotentha, ndipo zilembedwe m'chinenero choti anthu akuno n'kuwerenga. A boma amayamba achiyesa kaye asanachilole.

"Ndiye muli poizoni?"

"Sindikudziwa, mayi. Vuto lake ndi lomwelo. Palibe akudziwa."

Akanangoti muli poizoni bwenzi ndili ndi dzina loti ndiliope. Koma "palibe akudziwa" ameneyo ndinabwerera naye kunyumba atandikhala pachifuwa.

Madzulo bambo a anawa anamva zonse akutsuka ndevu ndi sopo. "Chabwino, asamweremonso. Koma musataye. Amayi akubwera Lamulungu. Akafunsa makapu awo muyankhe nokha, ine ndidzakhala ku mpira."

Ndinabisa makapu pamwamba pa khoma. Mtsikana wanga anakwera pa ndowa n'kutsitsa yofiira. Ndinawaika m'thumba kunsi kwa bedi. Mawa lake ndinawapeza ku masanje, ana a laini yonse akugawana madzi amatope, wina akunyambita m'mphepete. Kudzala sindikanataya, ana a pa malaini amafukula chilichonse. Kuotcha ndinaopa utsi wake. Ndinayamba kuyenda nawo, thumba m'dengu, mpaka kukathyola tiyi. Anzanga ankati ndatsegula tiirumu m'munda.

Lamulungu apongozi anatulukira akuchokera kutchalitchi, duku loyera kumutu. Ndinagwada kuwalonjera, ndinadzutsa maso pang'ono, n'kuwabweza msanga pansi. Milomo yawo inali psuu kuposa ya mdzukulu wawo.

"Mwaona mmene ndikuwaliramu?" anatero akukhala pa mkeka. "Azimayi kutchalitchi akundinena, eti ndayamba kudzola ukalamba uno. Nsanje! Ndi magazi abwino amenewa."

Ndinawabweretsera tiyi m'kapu yanga yachitsulo ija. Anaiyang'ana osaigwira.

"Makapu anga aja ali kuti? Kapena zochokera kwa apongozi n'zonyansa?"

Mkazi sayankha apongozi mwachisawawa, ndipo ine mawu ambiri ndilibe. Ndinangolowa m'nyumba, kutenga thumba, ketulo ndi mbale yoyera. Ndinagwadanso. Ndinathira madzi otentha m'kapu yofiira, kudikira, kukhuthulira m'mbale, n'kuikankhira patsogolo pawo.

Anayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali. Kenako anagwira nsonga ya duku lawo, kupukuta mlomo, kuyang'ana nsaluyo.

"Ndiye si magazi abwino?"

Kuseri kwa chitseko kunamveka munthu akutsamwa ndi chiseko. Bambo a anawa ku mpira kuja sanapiteko.

"Iwe, tuluka uko!" anakuwa apongozi. "Si iwe unatiwerengera katoni? Agogo ako Chipwitikizi chomwe ankachidziwa n'chotukwanira mbuzi chokha!"

Anakoka mdzukulu wawo, kumukhazika pamwendo. "Tatulutsa lilime, amayi anga." Linali litayera kale, koma anaunika mpaka kukhosi, dzanja lina likusisita kamimba kake. Anandifunsa zomwe ananena kuchipatala, ndinawauza zonse, mpaka "palibe akudziwa" uja. Kenako anati katoni yotsalayo saikanso pa benchi, aibweza kwa mwini wake akamweremo yekha.

Anandiyang'ana n'kuti, "Koma awa musataye, apongozi. Ndinavutika nawo pa kabaza, matako mpaka lero akundiwawa."

Ndinali nditaganiza kale. Ndinaika msomali pa makala mpaka unafiira, kuugwira ndi chiguduli. Ana ndinawathamangitsira kutali ndi utsi. Kapu iliyonse ndinaiboola kunsi, osati kamodzi, kambirimbiri, kuti ngakhale wa masanje asasungemo dontho. Apongozi ankandipatsira imodziimodzi, yomaliza anachita kuipsompsona kaye. Tinathiramo dothi, ndinabzalamo maluwa, osati tomato kapena mpiru, kanthu kolowa m'kamwa ayi. Bambo a anawa, monga chilango chawo, anakwera pa mpando n'kuwapachika ndi waya kudenga la khonde, pomwe ngakhale ndowa singafikitse munthu wamfupi.

Mtsikana wanga analira kufuna yofiira yake. Ndinamupatsa yachitsulo yogumuka ija, ine n'kumamwera m'chitini mpaka tinapeza ena olembedwa kunsi, omwe ndinayamba ndawawiritsa ndekha n'kukhuthulira m'mbale yoyera. Ndipo m'mawa uliwonse, asanatuluke pakhomo, ndimawaimika pamzere pansi pa maluwa aja, wamng'ono, wamkulu, ndi bambo awo omwe dengu lili kumsana.

"Malilime panja."