Mudzi Umene Apongozi Anga Sautchula

Ndiyambe ndi kupepesa. Sindine mlembi ine, ndine mphunzitsi chabe wa pa pulayimale kuno kwa Mwase Lundazi, ndipo nkhaniyi ndailemba ndi kuifufuta kangapo. Ndipepesenso kwa akuchimuna, chifukwa muno ndilemba dzina limene silinatulukepo pakamwa panga chikwatiwile. Dzinalo ndi Mapopa. Anali agogo awo a amuna anga, ndipo mudzi wathu umadziwika ndi dzina lawo mpaka lelo.

Amene ndifuna kunena za iwo ndi apongozi anga aakazi, a Faides, amene anthu amawaitana aNyaTembo. Ine ndimangoti amama. Zaka zawo zikuyandikila makumi asanu ndi atatu, koma alibe reji, chitupa chija cha nzika. Sanavotepo. Sanakwelepo minibasi yopita ku Boma. Akamva kulila kwa galimoto yachilendo, khasu limagwa m'manja.

Anabadwila mbali ino ya malile. Bambo awo atafela ku migodi, mayi awo anawatenga kupita kwawo, kutsidya ku Malawi, ndipo anakulila kumeneko. Kenaka a Whiteson, mwana wa a Mapopa, anakawalowola n'kuwabweletsanso kuno. Masiku amenewo malile sankaopsa munthu. Anthu ankawoloka kukagayitsa chimanga, madzulo n'kubwela.

Dziko litalandila ufulu, boma latsopano linayamba kulemba anthu ake. Ntchitoyo, malinga ndi zimene ndawelenga, ili m'manja mwa unduna woona za m'dziko, womwenso umayang'anila apolisi, ndende ndi oona za olowa ndi otuluka. Ngati ndalakwitsa pamenepa, odziwa andikonze. Koma amama sasiyanitsa zimenezi. Kwa iwo, wolemba dzina, wogwila munthu ndi wotseka chitseko cha ndende ndi munthu mmodzi.

Tsiku limene olemba anafika pasukulu, amama anali mtengwa watsopano, amuna awo ali kuntchito ku Kitwe. Anaima pamzele ndi akazi anzawo. A Mapopa anakhala pampando chapafupi ndi tebulo, kuchitila umboni anthu awo.

Tsono kuno kwathu mkamwana, ndiye kuti mkazi wokwatiwa pamudzi, satchula dzina la apongozi aamuna. Ngakhale mwana wapatsidwa dzina limenelo, mkamwana amamupezela lina. Akazi akuluakulu ankadziwa kale chochita, aliyense anabwela ndi mwana kapena mlamu womuyankhila. Amama analibe mwana, ndipo palibe anawauza.

Kalaliki anafunsa, "Mudzi?"

Amama anagwada n'kuti, "Kwa adada."

"Adada anu alibe dzina?"

Eni dzina anali pomwepo, akumva. Mzele wonse unali kuyang'ana. Amama amati lilime linauma ngati chikopa. Kalaliki atafunsanso mokweza, iwo anatchula mudzi wokhawo umene akanatha kuutchula popanda kuchimwa, mudzi wa mayi awo kutsidya kuja.

"Oo, ndinu a ku Malawi? Imani apo, za inu tiziona pambuyo."

Mwina munthuyo sanatanthauze choipa chilichonse, sindidziwa. Koma amama ataima pambali paja anaona wapolisi ali pakhomo. Anapempha kupita kuseli, n'kulowa m'munda, n'kuthamanga mpaka kunyumba. Kufotokozela apongozi awo sakanatha, pakuti mkamwana sayamba nkhani ndi apongozi. A Whiteson atabwela anangoti, "Zisiye, za boma sadzutsa zikagona."

Zinagonadi, koma amama ndiwo sanagone. M'zaka za chipani chimodzi, pamene malodibuloko anachuluka, kunkamveka mphekesela zoti auje awatsitsa m'basi, auje awapeleka kumalile. Zoona kapena zabodza, iwo ankazisunga zonse. Ana atakula n'kutenga mareji kudzela kwa bambo awo, anafuna kuwathandiza. Iwo anakana kwamtuwagalu. Ankati, "Akandifufuza ine, adzalanda ndi zanu zomwe." Maboma anasintha, undunawo unasintha ndi dzina lomwe, olemba anabwela pasukulu nthawi zambili. Nthawi iliyonse amama ankadwala mutu.

Tsopano maso awo achita ng'ala. Ku kiliniki anatiuza kuti akhoza kuonanso akapita kuchipatala chachikulu ku Chipata, koma kuchedwa si kwabwino. Iwo anangofunsa funso limodzi, "Panjila pali lodibuloko?"

Mwezi wathawu, dzuwa lili pamutu, galimoto yoyela inaima pafupi ndi nyumba yawo. Anali olemba mareji, akufunsa njila ya kusukulu kwathu. Nditaweluka ndinapeza mlamu wanga Annie, mwana wawo womaliza amene anabwela kudzacheza kuchokela ku Lusaka, akuzungulila nyumba.

"Mlamu, nkhalamba yako yasowa. Usiku uja unaigulitsa kodi?"

Anali kuseka, koma sanaleke kufunafuna. Tinawapeza m'chigafa cha fodya, atakhala pansi kuseli kwa milu ya mapesi. Pothawa anagunda mtengo umene sanauone, ndipo pamphumi pankatuluka magazi. Atamva mapazi athu anakweza manja onse awili.

"Amama, ndine NyaSoko," ndinatelo.

"Aluta?" anafunsa m'Chitumbuka, kutanthauza ngati apita.

"Apita kale," anatelo Annie. "Inu amama, boma lingawononge mafuta kudzagwila inu? Mukadzafika kundende adzakubwezani, mumasankha ndiwo kwambili."

Amama sanaseke. Anagwila chitenje changa n'kunena motsitsa, "Kutsidya onse anatha, NyaSoko. Akakanditaya kumeneko, adzandiika ndani? Manda a amuna anga ali kuno."

Ndikuwapukuta magazi aja, anandisisita kumaso ndi zala, kuyambila pamphumi mpaka pachibwano. Ndinazindikila kuti nkhope yanga saionanso.

M'mawa mwake ndinapita patebulo la olemba aja. Sindinatchule munthu. Ndinangofunsa kuti nkhalamba yotele angaithandize bwanji. Mayi amene anali pamenepo anandimvetsela bwino, n'kuti nkhani za okalamba chotele amazionela ku Boma, mwini wake alipo, pamodzi ndi abale omuchitila umboni. Kenaka anafunsa, "Ali mudzi uti?"

Ine, mphunzitsi, wa satifiketi, ndinangoona dzanja langa likufunafuna bolopeni. Ndi mmene ndimachitila kulikonse, ku banki ndi ku kiliniki komwe. Ndimalemba, sinditchula. Mayiyo anaseka pang'ono n'kuti, "Ndinu mkamwana, eti?" Apo ndi pamene ndinamvetsa chimene chinachitikila amama pamalo omwewo, iwo opanda bolopeni.

Sindikudziwa chimene akatiuze ku Boma, ndipo sindinawalonjeze amama kuti zikhala bwino. Ndimaopa. Ndimadzifunsa kuti nanga akakafunsa za zaka zimene anakhala kutsidya zija, nanga ine ndikakhala amene ndawatulutsa pobisala n'kuwapeleka ndi manja anga? Amuna anga, a Evans, ali ku Solwezi, ndipo akuti abwela ndi reji yawo kudzachitila umboni. Annie anabwelela ku Lusaka.

Amama anavomela dzana zopita ku Boma, atandiuza kuti asanafe akufuna kuona mwana wanga wakhanda. Koma anaika mawu awo. "Akandifunsa mudzi, ine ndili chete. Ndipo usawapatse kapepala ayi, ine sindiona. Ndifuna ndimve ndi makutu anga kuti walemba mudzi wa kuno."

"A Evans adzatchula, amama."

"Evans amachedwa ngati bambo ake. Akapanda kufika?"

Dzulo ndinapita kudimba ndekha, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kuyesa kulitchula. Linatuluka theka, lopanda mawu. Lelo ndikayesanso. Lolemba tikwela minibasi yoyamba, amama akhala pakati, ine kuzenela. Bolopeni ndiisiya kunyumba. Akafunsa mudzi, kaya a Evans afika kaya sanafike, ndiyankha ndine, mokweza, ndipo za ulemu ndidzapepesa tikabwelako.