Mbale ya mpunga imene ndinabweza

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inayamba kuphwa, ine ndinali mlangizi wamkazi pa sikimu ina ya mpunga kwa Mwambo. Masana ukaima m'mbali mwa ngalande, kutali kunkanyezimira ngati madzi pamene kunali matope okhaokha. Mabwato ogona pouma ankaoneka ngati akuyandama m'mwamba. Ndinkapalasa njinga m'dzuwa limenelo maso ali lendelende, fungo la matemba likundilondola.

Madzi anali ochepa, ndipo ogawa masiku othirira tinali ife. N'chifukwa chake abwana anatiwerengera lamulo la ku ofesi: osalandira mphatso kwa mlimi, ngakhale dzira, ndiponso osadya kwa mlimi. Ine, mtsikana wa m'tauni wongochoka kumene ku koleji, lamulolo ndinalimeza lonse osatafuna.

Panali mayi wina wamasiye, Msilamu wosalankhulalankhula, amene munda wake unali kumapeto kwa ngalande. Nditamuthandiza kupulumutsa mbande zake, tsiku lina anafika kwathu atanyamula mbale yovindikira. Munali mpunga watsopano wophika, wonunkhira mpaka pamsewu. Ndinamufotokozera za lamulo mwaulemu wonse, n'kumubwezera mbaleyo osavundukula n'komwe. Anailandira ndi manja awiri n'kumapita. Ndinadziona ngati munthu wolungama kwambiri m'boma lonse la Zomba.

Sindinadziwe kuti amayi a pamjigo anaona mbaleyo ikubwerera yodzaza. Kumeneko munthu sabweza chakudya chophika pokhapokha ngati akukayikira manja amene aphika. Patatha milungu iwiri, mayi wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi ofesi anandinong'oneza kuti mudzi wonse ukuti alangizi akudziwa kanthu, popeza ndi ophunzira. Anthu anali atayamba kukumbutsana mmene mwamuna wa mayi wamasiye uja anafera mwadzidzidzi. Anzake analeka kumubwereka mchere, ndipo pa sadaka, mwambo wokumbukira omwalira, sanamulole kuyandikira miphika.

Ndinachita manyazi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Dzina la munthu ndinaliipitsa ine, ndi ulemu wanga womwe uja.

Ndinapita kwa abwana kukawauza zonse. Anandimvetsera ndithu, koma anati lamulo silisintha: ndikakadya kumeneko, andilembera kalata yochenjeza ndi kundichotsa pa ntchito yogawa madzi m'chigawo chimenecho, kuti anthu asadzanene kuti mayiyo anagula madzi ndi mpunga. Ndinati alembe.

Ndinasankha Lachisanu, nthawi imene amuna amachokera ku mzikiti, njira itadzaza. Ndinatsamiritsa njinga pamtengo wa mango, pamene aliyense akanaizindikira, n'kukhala pakhonde la mayi uja. Ndinalankhula mokweza kuti njala yandipweteka, ngati kwatsala kampunga andigawire. Mayiyo analowa m'nyumba kukatenga.

Mpunga unali wadzulo, wozizira, ndiwo zake matemba awiri. Anthu ankadutsa akuchepetsa liwiro, ena n'kuima ngati akukonza tcheni cha njinga. Kutsidya kwa minda kunkanyezimirabe madzi abodza aja. Chifukwa cha manyazi ndinayamba kudya mofulumira, ndipo mayi uja, atakhala pansi chapatali, anandiuza motsitsa mawu:

"Idyani pang'onopang'ono, alangizi. Ena sanadutse."