Tepi ya Tenesi Imene a Tcheyamani Analanda

Boma linanditumiza ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Dedza kuti ndikakhale taipisiti mu ofesi ina yaing'ono, ndipo ndinapeza kachipinda ku Chibanja. Ndinkayesa kuti munthu wa ku Dedza kuzizira amakudziwa, koma kwa ku Mzuzu kunkabwera ndi kamvula kowaza kamene kankanyowetsa ngakhale mapepala a m'kabati.

Bwana wathu anali munthu wa ku Nkhata Bay, wamtali, wokonda Chingerezi chachitalichitali. Chaka china boma linawatumiza ku Mangalande kukachita maphunziro a miyezi ingapo. Zimene anakaphunzirazo sitinazione mu ofesi. Tinangoona jasi lofika m'mawondo, bokosi la kanema, makina a vidiyo ndi matepi awiri. Masiku amenewo dziko lathu linalibe kanema woulutsa, choncho bokosilo popanda tepi linkangoonetsa mchenga wothothoka. Matepiwo anawajambulira mayi wachizungu amene ankawasunga kunyumba kwake, ndipo onse awiri anali a tenesi.

Lachisanu lina bwana anaima pakhomo la chipinda chathu n'kunena kuti, "Mawa 2 koloko masana nonse kunyumba." Kuitana kwa bwana sikunkafuna yankho. Tinapita anthu anayi: ine, makalaliki awiri, ndi a mesenjala athu, bambo wachikulire amene ankakhala pafupi nane ku Chibanja.

Tinakhala pa mipando yofewa, manja pa mawondo ngati tili m'tchalitchi. Pa bokosi panaoneka bwalo la udzu wometedwa bwino, ukonde pakati, ndi azungu awiri ovala makabudula oyera. Mmodzi anali ndi tsitsi lofika m'mapewa, atalimanga ndi kansalu. Ameneyu sankaseka, sankakwiya, ndipo tinamutcha wofatsa. Mnzakeyo anali wowonda, wa nkhope yonga ya mwana amene wamanidwa chigumu. Tinamutcha wamkamwa, pa chifukwa chimene chinaoneka posachedwa.

Bwana anatenga lula n'kuyamba kutiphunzitsa kawerengedwe ka zigoli, akuloza pa galasi. Munthu akapambana kamodzi ndi fifitini, kawiri ndi sate, katatu ndi fote. Kalaliki mmodzi, amene masamu anali ntchito yake, anafunsa chifukwa chake sizikufika fote faifi.

"Iwe ukuganiza kuti azungu onsewo akhala apowo sanaone?" anatero bwana, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Kenaka anatiuza kuti munthu akakhala alibe chigoli amati lavu, mawu omwe aja a chikondi. Akazi awo, amene ankatigawira tiyi, anati, "Kuti chikondi ndi kukhala wopanda kanthu, zimenezo ine ndinazidziwa ndisanaone tenesi." Bwana anachita ngati sanamve.

Masewero ali mkati, mpira wa wamkamwa uja unagwera pafupi ndi mzere, ndipo woyimbira, bambo wa jekete amene anakhala pa mpando wautali ngati nsanja, anagamula kuti watuluka. Mnyamata uja anaponya chomenyera chake pansi, n'kupita pansi pa mpandowo, n'kuyamba kuloza chala m'mwamba uku akukalipa. Anakalipa kwa nthawi. Woyimbira anangoyang'ana pa pepala lake.

Ife tinali anthu ozolowera kuti ngakhale mnyamata wa chipani wopempha khadi pa geti la msika umamuyankha utavula chipewa. Akazi a bwana anaika ketulo pansi n'kukatseka zenera. Bwana anatsitsa mawu a bokosilo mpaka mnyamata uja ankangoyasamula ngati nsomba.

A mesenjala anatsokomola. "A bwana, munthu uyu mawa lake anaonekanso?"

"Anaoneka. Anaseweranso chaka chotsatira."

"Nanga abale ake ntchito sinawathere?"

Bwana anati sakudziwa za abale ake, ndipo tiziyang'ana mpira.

Loweruka loyamba ndinapita chifukwa choopa. Loweruka lachitatu ndinafika nthawi isanakwane. Ndinali nditayamba kuona zinthu zimene bwana ndi lula yawo sankaloza. Udzu wa kumapeto kwa bwalo unali utaperepeseka mpaka dothi kuoneka, chifukwa wofatsa uja ankaima pomwepo n'kumabweza mpira uliwonse, moleza mtima ngati munthu wosinja. Wamkamwa sankatha kudikira. Ankathamangira pa ukonde n'kungoukhudza mpira pang'ono, mpirawo n'kufera pomwepo. Chakumapeto panali gawo limene aliyense ankatsala pang'ono kupambana kenaka n'kuphonya, kasanu, kasanu ndi kamodzi, mpaka anthu a m'bwalomo ankagwira mitu. Mapeto ake ndinkawadziwa, chifukwa tepi inali yomweyo sabata iliyonse, koma m'manja mwanga munkatuluka thukuta. Kalaliki wamasamu uja anandiseka kuti ndikuvutikiranji ndi zinthu zodziwika kale. A mesenjala anamuyankha motsitsa mawu kuti ngakhale pa chisankho timaima pa mzere dzuwa lonse, wopambana tikumudziwa.

Tepi yachiwiri bwana sankaionetsa. Tsiku lina amuna atatuluka kukaona galimoto imene inkakana kulira, akazi awo anandikodola n'kuiika mwachangu. Inali ya akazi awiri. Masiketi awo anali aafupi moti kwathu kuno akanathera ku polisi asanafike pa bwalo, pakuti lamulo linkati chovala cha mkazi chiphimbe mawondo. Koma ine sindinayang'ane masiketi nthawi yaitali. Mmodzi mwa akaziwo anali ndi mikono ngati ya ocheka matabwa ku Chikangawa, ndipo ankathamanga ndi mphamvu zake zonse, akubuula pomenya mpira, anthu zikwizikwi akumuombera m'manja. Ndinazindikira kuti chichokereni ku pulayimale ndinali ndisanaonepo mkazi wamkulu akuthamanga, kupatula pothawa mvula.

Ku Mzuzu nkhani siigona panjira. Loweruka lina tili pakati pa masewero tinamva kugogoda. Anali a tcheyamani a nthambi ya chipani ya ku Masasa, bambo wamfupi wonenepa, telala pa ntchito yake, baji ili pa chifuwa. Nyumba ya bwana sinali m'dera lawo, koma panalibe amene akanawakumbutsa zimenezo.

"Mwatandala uli, adada?" anawalonjera bwana m'chilankhulo cha kumpotoko, ataimirira.

"Tatandala makora, yewo," anayankha a tcheyamani. Atatero anasintha n'kuyamba Chichewa, chifukwa nkhani za boma ankazilankhula m'Chichewa ngakhale chinkawapunthwitsa. "Tamva kuti muno mukuonetsa amuna a tsitsi la chikazi ndi akazi osavala. Ndabwera kuti ndione ndekha."

Bwana anawapatsa mpando wawo womwe, n'kubweza tepi poyambira. A tcheyamani anaona wofatsa uja n'kupukusa mutu. Anati munthu wotere akanatsika pa bwalo la ndege la kuno akanakumana ndi sizasi asanatenge katundu wake. Anatiuza kuti tonse tizichemerera mnzakeyo, amene tsitsi lake linali lofupikirako. Tinayamba kumuchemerera. Posakhalitsa mpira uja unagwera pa mzere, ndipo munthu wa a tcheyamani anapita pansi pa mpando wautali n'kuyamba kuloza chala.

Wina anali ndi mwambo koma tsitsi lake linali lolakwa, wina tsitsi linali lololeka koma analibe mwambo. Pomaliza a tcheyamani anagamula kuti m'nyumba muno tiziombera m'manja woyimbira, chifukwa ndiye yekha anavala jekete ndi tayi. Choncho woyimbira akangotchula zigoli, ife tinkaomba m'manja, anthu akuluakulu asanu ndi awiri.

Kenaka anafunsa za tepi ya akazi. Bwana anayesa kunena kuti inawonongeka, koma a tcheyamani anali ataiona kale pa shelefu. Anati aiyendera, koma poteteza maso a anthu, theka la m'munsi la bokosi liphimbidwe. Akazi a bwana anabweretsa chitenje chimene chinali pafupi, ndipo atachitambasula chinapezeka kuti ndi cha chipani, chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko. A tcheyamani anadzuka msangamsanga n'kuchilanda, akuti nkhope imeneyo singayang'anizane ndi miyendo yotere. Tinagwiritsa ntchito nsalu ya pa tebulo.

Nsaluyo inaphimba mkazi wa mbali ya kufupi yense, mutu ndi miyendo yomwe. Wa mbali ya kutali anatsala yense pamtunda, siketi ndi mawondo zili poyera, kungoti ankaoneka wamng'ono. A tcheyamani anasendeza mpando wawo pafupi kuti ayendere bwino. Itatha, anati nkhaniyi ndi yaikulu chomene, ndipo tepiyo ailanda. Anaiika m'thumba la jekete n'kutsanzika.

Kunyumba kwawo ku Masasa kunalibe magetsi, ndipo makina a vidiyo m'dera lonselo kunalibe. Loweruka lotsatira, 2 koloko isanakwane, anagogodanso, tepi ili m'thumba. Anati kafukufuku sanathe. Kuyambira pamenepo tinkaonera matepi onse awiri sabata iliyonse, yolandidwayo pomalizira. Nsalu ya pa tebulo inagwa tsiku lina ndipo palibe amene anaitola.

Ndinene chilungamo, a tcheyamani masewerowa anawamva msanga kuposa makalaliki athu. Diso la utelala linkawathandiza kuona mzere. Ankadziwa pamene wofatsa watopa, ngakhale nkhope yake sinkasintha, poona mmene ankauzirira zala zake asanamenye mpira. Kuombera m'manja woyimbira anakuiwala okha. Loweruka lina, titafika pa mpira wa mkangano uja, anapempha bwana kuti abweze tepi pang'ono. Anabweza. Tonse tinaona kafumbi koyera kakudumpha pa mzere, kusonyeza kuti mpirawo sunatuluke.

A tcheyamani anaimirira, chala chili pa bambo wa jekete. "Wabodza uyu! Tonse taona. Munthu akakhala pa mpando wautali ndiye kuti sangalakwe?"

Kalaliki wamasamu anayang'ana m'kapu yake. A tcheyamani anayang'ana uku ndi uku, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Anakonza baji yawo, n'kunena kuti amatanthauza mnyamatayo, kuti ndiye wabodza. Tonse tinavomera kuti tinamva choncho.

Sindikudziwa amene anakanena, ndipo sindidzadziwa. Patapita masabata awiri kunabwera kalata yochokera ku likulu yofuna kuti bwana afotokoze misonkhano imene ankachititsa kunyumba kwawo, ndi zithunzi zophunzitsa anthu kunyoza akuluakulu. Yankho lawo ndinalitayipa ndine, katatu konse. Poyamba analemba kuti tenesi ndi masewero chabe. Analing'amba. Kachiwiri analemba kuti ndi masewero ophunzitsa kumvera ndi mwambo, popeza wokalipa uja pomaliza anagonja. Kachitatu anawonjezera kuti misonkhano yonse inkachitika pamaso pa mkulu wa chipani. Posaina, kwa nthawi yoyamba anandilankhula m'Chichewa chokhachokha.

"Mwana wanga, iwe ukafunsidwa unene kuti ndinkakukakamiza," anatero. "Ndi zoona ndithu."

"Poyamba pokha, bwana," ndinayankha.

"Zimenezo usanene."

Sindinafunsidwe. A tcheyamani ndiwo anafunsidwa, ndipo anafotokoza kuti ankapita kumeneko sabata iliyonse kukayang'anira, kuti tepi yoopsa anailanda tsiku loyamba lomwe, ndipo lipoti linali pafupi kutha. Anawayamikira chifukwa cha kukhala maso. Bwana sanamangidwe. Anangowasamutsira ku boma lina lakutali, kumene magetsi anali asanafike.

Tsiku losamuka ndinapita kukathandiza akazi awo kulongedza mbale. A tcheyamani anabweranso, ati kudzaonetsetsa kuti katundu woletsedwa akuchokadi mu mzinda. Ananyamula okha bokosi la kanema mpaka pa lole, n'kulikulunga ndi bulangeti, n'kumuuza dalaivala kuti pa mabampu aziyenda pang'onopang'ono. Kenaka anatulutsa tepi ija m'thumba n'kuilowetsa pansi pa bulangetilo. Kwa bwana anangoti, "Mwende makora, adada," osawayang'ana kumaso.

Bwana watsopano anali wa ku Ntchisi, ndipo Loweruka ankalithera ku kwaya. Ine masana a Loweruka anayamba kunditalikira. Ndinamva kuti ku kalabu ya akuluakulu a boma kuli bwalo la tenesi lenileni, ndipo tsiku lina ndinapempha a mesenjala kuti andiperekeze. Sitikanaloledwa kulowa, choncho tinaima kunja kwa waya. Bwalolo linali la dothi, ukonde utagwa pakati. Ankasewera amuna awiri a mimba zikuluzikulu, mmodzi atavala thalauzi la ku ofesi. Mpira sunkadutsa ukonde kopitirira kawiri, ndipo nthawi yambiri ankaithera m'tchire kufunafuna kumene wagwera. Tinaonerera mwina mphindi khumi. Kamvula kanayamba kuwaza, amuna aja anathamangira ku bala, ndipo ife tinatsika kubwerera ku Chibanja, a mesenjala akudandaula kuti nsapato zawo zalowa madzi.